Mbaula Yanga Pansi pa Pikapu

Amuna anga sakhulupirira chinthu chopyapyala. Ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana mpaka pano mutu wachita imvi, ndiye ndikunena zomwe ndikuzidziwa. Bulangete asanagule alipime kaye ndi zala. Buledi ukawadulira mopyapyala amamukweza m'mwamba n'kusuzumira, amvekere, "Mayi, ndikukuonanitu kuseri kwa buledi." Tiyi wawo ndi uja wothira mkaka mpaka supuni kuyenda movutika. Abusa atsopano atabwera kutchalitchi kwathu, anangomva ulaliki umodzi n'kugamula kuti mawu awo ndi opepuka, sangathamangitse ngakhale nkhuku. Ine amene, tsiku lina ndinawafunsa kuti anandikonderanji pakati pa atsikana onse aja. Anandiyankha osaseka n'komwe kuti, "Munkaoneka kuti simungauluke ndi mphepo." Ndinakhululuka poti Mulungu amafuna choncho, koma sindinaiwale.

Pa siteji pomwe amaimika pikapu kudikira hayala, moyang'anana ndi sitolo ya simenti ndi malata, dzina lawo lenileni linasowa kalekale. Aliyense amangoti a Uchi. Munthu akangotsekula boneti, iwo afika kale osaitanidwa. Asolola kachitsulo koyezera oyilo, apaka pachala, akanikiza ndi chala chachikulu, kenako n'kumatsekula zalazo pang'onopang'ono, diso limodzi atatsinzina. Pakapanda kutamuka kaulusi pakati pa zalazo, amapukusa mutu ngati amva uthenga wa maliro. "Oyilo weniweni amatamuka ngati uchi. Izi mwathirazi ndi misozi."

Nzeru imeneyi sanaitole pamsewu ayi. Anaphunzitsidwa ndi Nkhalamba. Nkhalamba inali pikapu yathu yoyamba, ya dizilo, yomwe inadutsa m'manja mwa anthu ambiri isanafike kwa ife, mwana wathu woyamba asanamere mano. Injini yake inali itakhwepa mkati monse, ikamayenda inkamveka ngati mapoto ali m'thumba. Ukaithira oyilo wopepuka inkamumwa n'kumamulavula kumbuyo, utsi uli tolo, anthu pamsewu akutukwana. Koma oyilo wolemera, uja amalemba 20W-50 pachigubu, ankatseka mipata yonse, phokoso n'kuchepa. Pamenepo abambo sankalakwitsa, chilungamo ndinene. Ana athu onse anapita kusukulu ndi oyilo ameneyo.

Vuto linali nyengo yozizira. Oyilo uja ankagona atagwirana m'sampu, chipoto cha pansi pa injini chija, m'mawa Nkhalamba osafuna kudzuka. Ndiye abambo anapeza njira yawo. Ankatenga mbaula yanga moto utayaka kale, n'kuikankhira pansi pa injini ndi phazi, iwo n'kukhala pachidebe, manja m'khwapa, kudikira kuti oyilo asungunuke. Ana ankasamba madzi ozizira, ine tiyi ndinkamwa dzuwa litakwera, koma Nkhalamba inkawotha moto ngati mlendo wolemekezeka. Pansi pake panali chitsulo chokhachokha, panalibe choti chipse. Munalinso kanyale kofiira kuseri kwa chiwongolero kamene kankangoyaka osazima. Abambo anakamata ndi tepi, ati kankawayang'ana kwambiri.

Nkhalamba inatisiya pachitunda china itasenza bedi ndi kabati za anthu osamuka. Inangoti gwa! mkati, basi yatha. Anaikoka ndi chingwe, abambo akuyenda pambuyo chipewa chili m'manja.

Kenako anakhala pakhomo.

Abale anga, mwamuna wozolowera msewu akakhala pakhomo nyumba imachepa. Ndikalowa kukhitchini, ali pambuyo panga. Ndikaika poto pamoto, avundukula. Msuzi aupima ndi supuni, ati wachuluka madzi. Sopo wotsukira mbale amupaka pachala. Anathira oyilo m'zitseko zonse mpaka makatani kuda. Anathiranso m'makina anga osokera, diresi yoyera ya mayi wina inatuluka ndi mzere wakuda kuyambira pakhosi mpaka m'munsi. Amayi anzanga akabwera kudzapemphera, iwo ankakhala pakona n'kumatiuza kuti nyimbo tayambira pamwamba. Zonsezo ndinkapirira. Chomwe chinandiopsa n'chakuti patapita nthawi anasiya zonsezo. Anangokhala pazenera kumvetsera galimoto zodutsa, n'kumatchula matenda ake chapansipansi. Ndinawadulira buledi wopyapyala dala kuti mwina akalipa. Anangodya. Lamba anayamba kumuboola mabowo atsopano ndi msomali.

Ndinagwada. Ndinati, "Ambuye, Inu mukudziwa kuti munthuyu ndimamukonda. Koma mutulutseni m'nyumba muno. Azituluka m'mawa, azibwera madzulo, wamoyo, wanjala, wolongolola ngati kale."

Yankho linadzera mwa mwana wathu woyamba uja, amene amagwira ntchito ya mu ofesi kutali ndi kuno. Tsiku lina tinangomva hutala pageti. Pikapu yoyera, ya dizilo, yogwirapo kale ntchito koma yamakono, injini ikulira ngati mphaka wokhuta. Abambo anaizungulira akuisisita. Mwana anatulutsa makiyi koma sanawapereke msanga.

"Bambo, iyi si Nkhalamba. Oyilo wake ndi uyu." Anatsitsa chigubu, natsekula boneti n'kuloza pakachivundikiro pomwe panalembedwa 5W-30. "Uyu yekha basi, wa dizilo. Mukadzathira wina ndidzatenga makiyi. Pali dalaivala wina akungondilondola kuti ndimupatse."

Abambo anatsekula chigubu chija, kuviika chala, kukanikiza, kutsekula. Kaulusi kanaduka kasanayambe n'komwe.

"Akubera, mwanawe. Awa ndi madzi."

"Ndi zomwe analemba eni ake opanga galimotoyi."

"Eni akewo anayamba akwerapo chitunda ndi matumba a simenti?"

"Bambo, mwamva kapena simunamve?"

"Ndamva."

Ine "ndamva" ameneyo ndimamudziwa. Ndi yemwe amandipatsa ndikawakumbutsa za mankhwala a bondo.

Komabe nyumba inapuma. Abambo ankatuluka m'mawa akuimba mluzu, kubwera madzulo fumbi la simenti lili m'makutu, akudandaula za mabampu, za apolisi, za anthu amene amati katundu ndi wochepa koma ukafika upeza nyumba yonse ili panja. Lamba anabwerera pabowo lake lakale. Ine m'khitchini ndinatsala ndekha ndi mapoto anga, ndikuimba.

Nthawi yosintha oyilo itakwana sanapite kwa makaniko. Makaniko wa kuseri kwa msika ndi munthu wabwino, ntchito amaidziwa, koma ndi wowonda ngati mtengo wa tsache, ndiye abambo sanamukhulupirirepo chiyambire. Anayala thumba pabwalo, anagona chagada, anasintha okha. Madzulo ake ndikukatapa makala, ndinapeza chigubu cha mwana chija chili kuseri kwa matumba, chodzaza.

"Bambo, chigubu cha mwana chikutani m'makala anga?"

"Chikupuma."

"Ndiye mwathira chiyani m'galimoto?"

"Chakudya. Galimotoyi ikugwira ntchito yakalavulagaga, singakhalire tiyi wopanda mkaka. Mwanayu ndi wa mu ofesi, injini amaimvera pa foni. Inu musanene kanthu."

"Foni sindiimba," ndinatero. "Koma akadzandiyang'ana m'maso n'kundifunsa, sindidzanama. Ndakula, sindingayambe bodza lero chifukwa cha oyilo."

"Sadzakufunsani. Ndani angafunse mzimayi za oyilo?"

Kunja kukutentha zinthu zinkayenda bwino, mwakuti abambo ankadzitama pa siteji kuti aiphunzitsa galimoto kudya. Kenako kunayamba kuzizira. M'mawa ndinkamva ndili kukhitchini, pikapu ikukoka, nyee, nyee, nyee, ngati munthu amene akumudzutsa asanakhute tulo. Ikalira inkayamba ndi phokoso, khotchokhotcho, ngati wina akumenyetsa masupuni, kenako n'kukhala bwino.

M'mawa wina abambo analowa m'nyumba n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mayi, timasitika tija munalandira kumsonkhano wa amayi tilipo? Ndikufuna kamodzi ndiike m'galimoto."

Ndinatsala pang'ono kulira. Munthu amene kutchalitchi amakhala kumbuyo kuti aziona galimoto yake pazenera, lero akupempha yekha mawu a chikhulupiriro! Ndinawasankhira kokongola, kolembedwa kuti "Mulungu akuona". Sabata yomweyo ndinaima pakati pa amayi anzanga n'kuchitira umboni kuti abambo a kunyumba kwanga akhudzidwa. Amayi aja anabwera m'mawa wina kudzathokoza nane. Kuthokoza kwake kunathera pokankha pikapu kuchoka pageti mpaka kumsewu waukulu, mabuku a nyimbo ali m'khwapa, abambo ali pachiwongolero akukuwa kuti, "Limbikani amayi, ndi dizilotu iyi!" Atsogoleri athu anaduka lamba wa nsapato. Kuyambira pamenepo mapemphero a m'mawa anasamukira kunyumba ina.

Ndinaona kuti abambo ayamba kuiyang'ana mbaula yanga ndi diso lija. Ndinawauziratu. "Ana anakula ndi madzi ozizira, ine sindikalamba nawo. Mbaula siituluka m'khitchini muno."

Ndiye kunabwera mwana ndi mkazi wake kudzatichezera, kudzagona. Mpongozi wanga ndi mwana waulemu, waukhondo, nyumba yake ukalowa umachita manyazi ndi mapazi ako. Tinacheza bwino. Koma abambo chakudya sichinkatsika, chifukwa m'mawa mwake anali ndi hayala ya simenti, ndipo pikapu inkagona pansi pa zenera la chipinda cha alendo. Nyee nyee uja akanamudzutsa mwana, ndipo mwana akanafunsa.

Kutacha, kunja kuli zii, ndinayatsa mbaula pakhomo la khitchini n'kuteleka madzi osamba alendo. Ndinalowa m'nyumba kukatenga sopo ndi thaulo. Potuluka ndinapeza poto ali pansi, yekha, ngati mwana wotayika. Mbaula palibe. Ndisanatsekule pakamwa, fungo linandipeza, lija la ndowa ya pulasitiki ikagwera pamoto.

Paja ndinati pansi pa Nkhalamba panali chitsulo chokhachokha. Galimoto zamasiku ano amazivalika chipulasitiki pansi pa injini, chotchinga matope. Abambo anachichotsa okha posintha oyilo, anachibwezera okha, koma m'mawa umenewo mantha anawaiwalitsa. Nditazungulira nyumba ndinapeza utsi wakuda uli tolo, timoto tikudontha pansi ngati kandulo, abambo atagwada akukoka mbaula ndi phazi, patapata akufuka.

"Yesu wanga!" Ndinanyamula poto uja n'kukhuthulira pansi pa galimoto. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anayamba kukuwa kuti moto, moto, koma osabwera ndi madzi. Mwana anatuluka ndi kabudula wogonera, kumapazi kulibe kanthu. Mpongozi anatuluka ndi ndowa yodzaza, anatseka maso n'kuponya. Moto unali utazima kale. Madzi onse anathera pa apongozi ake, kuyambira kumutu.

Tinaima tonse, utsi ukutha. Mwana anayang'ana mbaula, anayang'ana bambo ake.

"Bambo, mbaula imatani pansi pa galimoto?"

"Galimoto nayo imamva kuzizira."

Mwana anapita kutsogolo kwa pikapu. Anatsekula boneti, anasolola kachitsulo kaja, anapaka pachala, anakanikiza, n'kumatsekula zala pang'onopang'ono, diso limodzi atatsinzina. Sankadziwa n'komwe kuti akuchita ngati bambo ake. Kaulusi kanatamuka, katali, kokongola. Ndinaona nkhope ya abambo ikuwala kanthawi kochepa, kenako anakumbukira kuti ali pamlandu.

"Uyu ndi oyilo uti?"

"Yemwe uja. Oyilo akakhalitsa amakhwima."

Mwana anatembenuka. Anandiyang'ana m'maso. "Amayi, inu simunama. M'galimoto muno muli oyilo wanji?"

Abambo anandiyang'ananso, madzi akudontha kuchibwano. Mumtima ndinati, Ambuye, ndinapempha kuti atuluke m'nyumba, ndiye pakamwa panga pomwe ndi pamene pawabwezere pazenera? Koma bodza linakana kutuluka.

"Muli wa Nkhalamba. Wako ali m'makala, sanatsekulidwenso chitsekulire tsiku lija."

Mwana anangotambasula dzanja. Abambo anapisa m'thumba lonyowa, anatulutsa makiyi. Pamakiyipo pankalendewera kiyi wakale wa Nkhalamba. Anavutika kumuchotsa ndi zikhadabo, anamuika m'thumba la malaya, enawo anapereka. Analowa m'nyumba, osasintha zovala, n'kukakhala pampando uja wa pazenera.

Nditaona msana wawo pazenera paja, china chake chinandikwera. Ndinalowa kuchipinda, ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Ndinaikamo malaya awo, mathalauza, mankhwala a bondo, kapu yawo yaikulu ya tiyi. Bulangete lawo lolemera lija ndinalikulunga n'kulimanga ndi chingwe. Ndinatuluka nazo n'kukaponya kumbuyo kwa pikapu.

"Amayi, chimenecho n'chiyani?"

"Katundu wa bambo ako. Iwo ndi makiyi sasiyana. Watenga makiyi, tenga ndi eni ake. Kwanu kuli chipinda chija mumasungiramo makatoni." Kenako ndinatembenukira kwa mpongozi. "Mwananga, ndikuuziretu kuti usadzati sindinanene. Amadzuka mbalame zisanadzuke. Amavundukula mapoto. Msuzi amapima ndi supuni, sopo amapima ndi chala. Makina ako ochapira aja adzawathira oyilo sabata yoyamba. Makatani oyera uchotseretu."

Mpongozi anaika ndowa pansi mwaulemu kwambiri. Anamugwira mwamuna wake pachigongono. "Tabwerani kaye kuno, tikambirane pang'ono."

Anapita kuseri kwa nyumba. Mawu sindinamve, koma amene ankalankhula anali mmodzi. Atabwerera, mwana anali akukanda m'mutu.

"Amayi, inunso mukudziwa kuti ine sindinalakwe. Akanaotcha galimoto, akanaotcha nyumba. Injini yotereyi ikafa, sindingapezenso ina."

"Sunalakwe," ndinatero, mokweza kuti wa pazenera amve. "Bambo ako anama, aba mbaula, aotcha patapata. Zimenezo akayankha okha. Koma iwenso unabwera ndi lamulo lopanda chifukwa, ngati ukuuza mwana kuti asagwire wailesi. Munthuyu anakulera ndi oyilo ameneyu. Ukamuuza kuti ndi woipa, ukuganiza akumva chiyani? Pepala sadzalikhulupirira mpaka kufa. Amakhulupirira diso lake ndi chala chake. Muonetse."

Mwana anaganiza. Kenako anati, "Chabwino. Abwere makaniko. Ngati injini sinawonongeke, ndipo bambo athira okha oyilo woyenera ndi manja awo, osakakamizidwa, makiyi ndibweza. Apo ayi, galimoto ndikupita nayo."

"Ndi eni ake," anatero mpongozi chapansipansi, akuyang'ana bulangete lija.

Makaniko anafika panjinga, bokosi la zitsulo lili kumbuyo. Atamva fungo anaseka asanapereke moni. "A Uchi, mwayamba kuwotcha nyama ya galimoto?" Abambo anatuluka, poti munthu wina sangatsekule boneti iwo ali m'nyumba. Makaniko anangoti selelu pansi pa pikapu ngati buluzi, anamasula chipulasitiki chopsa chija n'kuchikokera kunja. Anati mawaya apulumuka, Mulungu ndi wachifundo. Kenako analowa kutsogolo, anayang'ana kuseri kwa chiwongolero, n'kuima.

"Kasitika aka kakutani apa?"

Anakamatula ndi chikhadabo. Pansi pake panali kanyale kofiira, kojambulidwa kaketulo kodontha.

"Bambo!" ndinakuwa. "Ndiye umboni wanga uja? Ndinaima pamaso pa anthu ine!"

"Kankandiyang'ana," anatero abambo, maso ali pansi.

Makaniko anawaitana kuti aime pafupi. Anapotokola kiyi. Nyee, nyee, nyee, mpaka inalira ndi khotchokhotcho wake uja. "Yang'anani kanyale, a Uchi. Musaphethire." Kanyale kanakhala chiyakire, kofiira, phokoso likupitirira. Tonse tinali duu kukayang'ana. Patapita kanthawi ndithu ndi pamene kanazima, phokoso nalo n'kuleka. Makaniko anazimitsa injini nthawi yomweyo.

"Nthawi yonse kanyale kaja kanali koyaka, oyilo anali asanafike kumwamba. Zitsulo zimakhulana zouma. Phokoso lija ndi limenelo."

Analowanso pansi ndi beseni, anamasula bawuti ya sampu. Oyilo anatuluka mwaulesi, wakuda, wonenepa, akudzipinda m'beseni ngati chingwe.

"Mukuona?" anatero abambo, mawu akubwerera pang'ono. "Ameneyo ndiye oyilo."

"Ndi wabwino zedi," anayankha makaniko ali pansi pomwepo. "Kwa Nkhalamba ndikanathira yemweyu. Njira zake zinali zitakula ngati misewu, zinkafuna wotseka mipata. Koma taonani, kutsika kokha akuchedwa chonchi. Nanga kukwera? Injini iyi tinjira take n'tating'ono ngati udzu womwera zakumwa. Ilinso ndi tebo, kachitsulo kozungulira mothamanga koopsa, kamene kamafuna oyilo injini ikangolira. Uyu pamene akufika, kapsa kale."

"Nanga wamadzi uja, injini ikatentha pachitunda, satha mphamvu?"

Makaniko anatuluka, anatenga chigubu cha mwana chomwe mpongozi anali atachifukula kale m'makala n'kuchipukuta. Analoza manambala. "Yoyambayi, ya pafupi ndi W, ikunena mmene amathamangira kukazizira. Ikachepa, m'mawa amafika msanga. Yachiwiriyi ikunena mmene amagwirira injini ikatentha. Iyi anaipangira kuti 30 aikwanire. Bola akhale wa dizilo, chifukwa dizilo ali ndi mwaye wambiri, ndipo muzisintha pa nthawi yake. Palibe oyilo amene ali mfumu ya galimoto zonse, a Uchi. Iliyonse ili ndi wake."

Abambo anapukusabe mutu. "Chinthu chopyapyala n'chopyapyala basi."

"Ine mumandinyoza kuwonda zaka zonsezi," anatero makaniko akupukuta manja. "Koma pansi apa ndalowa ndatuluka inu mukuonerera. Inu tsiku munkasintha oyilo munalowa bwanji?"

"Anaikweza pa njerwa," ndinayankha ine. "Potuluka ndinachita kuwakoka miyendo."

Mpongozi anathawira kukhitchini, dzanja lili pakamwa. Abambo anayang'ana mimba yawo. Sanaseke. Anapita kutsogolo kwa pikapu, anaika dzanja pa injini ngati mmene umagwirira mwana pachipumi.

"Ndiye khotchokhotcho uja imalira njala?"

"Imalira njala."

"M'mawa uliwonse?"

"Kukazizira. Mwayi wake mwaigwira msanga, sinapweteke kwambiri."

Abambo anachotsa dzanja pa injini. Kenako anati, osayang'ana munthu, "Ine ndimayesa ndikuidyetsa."

Makaniko anasintha sefa ya oyilo, anamanga bawuti. Abambo anatenga chigubu okha. Anathira pang'onopang'ono, osataya ngakhale dontho, nkhope ili ngati ya munthu amene akumwetsa mwana mankhwala owawa. Atamaliza mwana anati makiyi agona kwa iye, tione mawa kukazizira. Hayala ya simenti inapita kwa wina. Madzulo nditalowa kuchipinda ndinapeza sutikesi ili pamwamba pa kabati, malaya ali m'malo mwake opindidwa bwino kuposa mmene ndimapindira ine, bulangete litayalidwa. Mpongozi sanadikire mawa kuti abweze katunduyo.

M'mawa mwake kunazizira kuposa dzulo lake, mpweya ukuoneka pakamwa. Tinatuluka tonse. Ine ndinali nditagwada kale kuchipinda, ndipo mbaula ndinaikhalira pafupi. Mwana anapereka makiyi. Abambo anakhala pachiwongolero, anadikira, anapotokola. Kamodzi. Injini inangoti vuu, kanyale kanaphethira n'kuzima, phokoso la masupuni osamveka.

Abambo anakhala momwemo akumvetsera. Kenako anatulutsa mutu pazenera.

"Batire ndi labwino ili."

"Bambo!" tinatero tonse atatu.

"Chabwino, chabwino. Ndi oyiloyo." Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kiyi wa Nkhalamba, n'kuyamba kumubwezera pamakiyi aja injini ikulira. Mwana anaona, sanatambasule dzanja. Mpongozi anapuma mpweya waukulu mwakuti ndinaumva ndili pakhomo la khitchini.

Pa siteji akuwatchulabe a Uchi. Boneti ikatsekulidwa amafikabe osaitanidwa, chala chili patsogolo. Kungoti masiku ano amayamba ndi funso. "Yakoyi ndi nkhalamba kapena mwana?" Akatero amayang'ana pakachivundikiro, n'kuyamba kuphunzitsa za tinjira tating'ono ndi nambala ya pafupi ndi W ngati anabadwa akuzidziwa. Makaniko akamadutsa panjinga amamukuwira kuti, "Iwe wopepuka, tabwera udzamve!" Ndiye kuti amukonda.

Kwa amayi anzanga ndinapita kukakonza umboni uja. Ndinawauza kuti abambo sanakhudzidwe tsiku lomwe ndinanena, anakhudzidwa mochedwerako, ndiponso pa nkhani ina. Atsogoleri anafunsa ngati pikapu ikulira yokha tsopano. Nditavomera, mapemphero a m'mawa anabwerera kwathu.

Mbaula yanga inatsala ndi chipsera, chipulasitiki chakuda chinakakamira m'mphepete, ndapala ndi mpeni chakana. Ikatentha imanunkhabe pang'ono. Kasitika kaja ndinakamata pachitseko cha khitchini, pamwamba penipeni pa pomwe mbaula imagona, kuti wina akadzaiyang'ananso ndi diso lija aziwerenga kaye.

Lero m'mawa abambo anakhala patebulo, makiyi ali pambali pa mbale. Analawa tiyi, ati akununkha tayala. Anatenga buledi, anamukweza m'mwamba, anatsinzina diso limodzi.

"Mayi, ndikukuonanitu."

Ndinawadulira wina wonenepa. Anadya, anatuluka, pikapu inalira kamodzi, geti linatsekeka. Ine ndinati zikomo Ambuye, n'kuteleka madzi anga osamba.